Buku la sitoko ndi bokosi la chithandizo choyamba: momwe mungazigwirire pa loji

Linali Lachisanu lakumapeto kwa Ogasiti, m'mawa mwake kuli mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, m'dziko la Zambia. Amene munagwirapo ntchito yolandira alendo pa Mchinji mukudziwa momwe pabomapa pamakhalira usiku umenewu. Anthu ochokera ku Lilongwe, ku Dowa, ku Dedza ndi kwina amafuna kugona pafupi ndi boda kuti alawirire kuwoloka pa Mwami. Pa loji yomwe ndinkagwira, zipinda zonse zinadzaza dzuwa lisanalowe.

Cha m'ma 8 koloko, mnyamata wathu wokazinga tchipisi anaterereka, chiwaya n'kupendekeka, mafuta owira n'kumukhuthukira padzanja. Ndinathamangira bokosi la chithandizo choyamba lomwe linkakhala pamwamba pa kabati ku risepishoni. Nditalitsegula ndinapezamo sizasi, kabotolo ka jivi kouma gwa, ndi pepala la Panado lopanda ndi m'bulu umodzi womwe. Pobwerera kukhitchini, mayi wina wotsuka mbale anali ataswa kale dzira, mlonda akukuwa kuti abweretse Colgate. Tili pakati pa chipwirikiti chimenecho, wa ku bala anasuzumira pakhomo: "Achimwene, Fanta watha." Buku la sitoko linkanena kuti tili ndi makireti 6.

Bokosi lopanda kanthu lija ndi makireti osowa aja anali matenda amodzi: panalibe munthu amene ankawerenga. Ndiye inu amene mwapatsidwa makiyi pa loji, pa resiti hausi kapena pa lesitilanti, ntchito ziwirizi muzitenge ngati imodzi. Tiyambe ndi katundu.

Musalandire makiyi musanawerenge

Sankhani nthawi yomwe alendo achepa, kwathu kuno ndi Lolemba m'mawa. Mukhale awiri, wina kuwerenga wina kulemba, ndipo amene akusiya makiyi akhale pomwepo. Yambirani kumanzere kwa chitseko, muzungulire shelefu ndi shelefu mpaka mubwerere pomwe munayambira. Buku lakale mulisiye kaye panja, chifukwa mukaligwira m'manja maso amayamba kuona zomwe bukulo lanena. Katoni iliyonse itsegulidwe. Ndinapezapo katoni ya sopo yomata bwinobwino, pamwamba mizere iwiri ya sopo, pansi nyuzipepala zokhazokha. Thumba la mpunga lotsegula musaliyeze ndi maso, liikeni pa sikelo.

Gwirizananinso za muyeso. Belo la shuga limakhala ndi mapaketi 20, thireyi ya mazira ndi 30, kireti ya zakumwa ndi mabotolo 20. Muzilemba muyeso waung'onowo: mapaketi, mazira, mabotolo. Mukalemba "mabelo 2 ndi theka", mawa mudzakangana kuti thekalo linali mapaketi 8 kapena 11. Mukatha, nonse sainani ndi kuika deti.

Chinthu chilichonse ndi tsamba lake

Mahotela akuluakulu ali ndi ma bin card (makadi olembapo katundu wolowa ndi wotuluka) ndi makompyuta. Inu hadikava imodzi ndi yokwanira. Tsamba lililonse likhale la chinthu chimodzi, mujambulepo mizere isanu: deti, zalowa, zatuluka, zatsala, wotenga. Titenge mafuta ophikira. Lolemba mwawerenga malita 12. Lachiwiri mwagula chigubu cha malita 20, ndiye zatsala 32. Tsiku lomwelo a kukhitchini atenga malita 5, zatsala 27, ndipo khukhi asaine kumapeto kwa mzerewo. Basi, ntchito yake ndi imeneyi.

Chovuta ndi kulemba nthawi yomweyo. "Ndilemba madzulo" ndiko kumabadwira shoteji. Lembani ndi bolopeni. Mukalakwitsa, dulani kamzere kamodzi koti zakalezo zizionekabe, mulembe zolondola pambali, musaine. Tsamba long'ambidwa kapena lofufutidwa limakuikani pa mlandu ngakhale simunabe kanthu.

Pakhomo polandirira katundu

Apa ndiye musamale, chifukwa katundu wambiri amasowa asanalowe n'komwe. Muziyerekeza zinthu zitatu: zomwe munaoda, zomwe zalembedwa pa invoisi, ndi zomwe zatsitsidwa pansi. Dalaivala adzakufulumizitsani, "Bwana tangosainani, tikuthamangira ku Kamwendo." Muyankhe mwaulemu kuti adikire pang'ono. Mukasaina makatoni 10 pomwe atsitsa 9, katoni inayo mwaigula ndinu.

Kachewere ku Mchinji sasowa, alimi amakubweretserani pakhomo pa njinga. Koma thumba mulikhuthulire pansi iwo akuona. Pamwamba pamakhala akuluakulu osiririka, pakati timatimati ndi dothi. Obiriwira ndi ophuka muwapatule, sayenera kulowa m'chiwaya. Ngati n'kotheka gulani pa kilo, chifukwa ndowa zina zinabendedwa dala m'mbali.

Mtedza ndi nsinjiro muzinunkhiza ndi kuyang'anitsitsa. Ogulitsa ena amanyowetsa mtedza kuti usavute kuswa, ndipo chinyontho chimenecho chimabweretsa chuku. Poizoni wa chuku satha ndi kuphika ndipo amawononga chiwindi, choncho mtedza wofota, wakuda m'kati kapena wowawa mubweze. Nsomba yaiwisi imafika kuno itayenda ulendo wautali kuchokera kunyanja: maso akhale owala, mnofu wolimba woti mukadina chala ubwerere, mimba yosaphulika. Nkhuku za m'firiza zibwere zolimba ngati mwala. Ngati m'pulasitiki mwake muli magazi osungunuka omwe anaumanso, dziwani kuti zinasungunukapo panjira.

Za m'mapaketi ndi m'zitini, onani deti lothera ntchito. Chitini chotupa kapena chadzimbiri chibwerere. A Malawi Bureau of Standards kapena a zaumoyo a ku khonsolo akapeza katundu wotha ntchito pashelefu panu, sakafunsa amene anakugulitsani.

Kusanja

Chobwera poyamba chituluke poyamba. Ophunzira za mahotela amati FIFO. Katundu watsopano apite kumbuyo, wakale abwere kutsogolo, ndipo katoni iliyonse mulembepo ndi maka deti lomwe yafika. Matumba a ufa, mpunga ndi nyemba akhale pa matabwa, osagunda khoma, kuti muzitha kusesa pansi ndi kuona msanga anankafumbwe ndi ndowe za makoswe.

Jik, parafini, mankhwala a mphemvu ndi a makoswe akhale ndi kabati yawoyawo kutali ndi zakudya. Ndipo chonde, musathire zinthu zimenezi m'botolo la zakumwa. Botolo la Sobo lokhala ndi parafini, mwana wa mlendo salisiyanitsa.

M'firiji kuzizira kusapitirire madigiri 5, m'firiza kukhale pa -18. Nyama yaiwisi ikhale pansi, zophikaphika pamwamba zovundikira, kuti madzi a nyama asadonthere pa zakudya zina. Magetsi akathima, lekani kutsegulatsegula. Firiji yotseka imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4, firiza yodzaza imafika masiku awiri, yatheka tsiku limodzi. Nyama yomwe yasungunuka mpaka kufunda musaiumitsenso. Muitaye, koma muitaye pali mboni, mulembe pa tsamba la zowonongeka. Nyama yotayidwa mwakachetechete, pakutha pa mwezi imatchedwa yobedwa.

Kiyi mmodzi, kapepala kamodzi

Kiyi wa mosungira katundu akhale ndi munthu mmodzi pa shifiti. Wapadera akhale mu envelopu yomata kwa manejala. Katundu azituluka kawiri patsiku, m'mawa ndi masana, ndipo chilichonse chizituluka ndi kapepala kosainidwa ndi wopempha. Kukhitchini akazolowera zimenezi amayamba kuganiziratu za tsiku lonse m'malo mobwera kakhumi.

Kuti mudziwe ngati zotulukazo zikugwira ntchito yake, yezani mbale. Nkhuku imodzi mukamaidula panayi, nkhuku 10 ndi mbale 40. Madzulo malisiti akuonetsa mbale 33, m'firiji mwatsala zidutswa ziwiri. Zisanu zapita kuti? Mwina antchito adya, palibe cholakwa, koma chakudya cha antchito chikhale ndi tsamba lake. Chitaninso chimodzimodzi ndi mpunga: phikani kilo imodzi tsiku lina, muwerenge mbale zomwe yatulutsa ndi chipande chomwe mumagwiritsa ntchito, nambala imeneyo ikhale muyeso wanu.

Tsopano nkhani yomwe sukulu za mahotela sizikamba, koma aliyense wogwira pa loji ya munthu amaidziwa: abale a bwana. Kumabwera mtsikana masana, "Mayi andituma, akuti mundipatse shuga ndi mafuta." Kukana simungakane, katundu ndi wawo. Koma muyankhe kuti, "Chabwino achemwali, nazi, tangosainani apa." Tsegulani tsamba lolembedwa kuti Zakunyumba, ndipo mwini loji mukambirane naye poyambirira kuti adziwe kuti tsambali lilipo. Ena amanyinyirika sabata yoyamba. Amasiya tsiku lomwe aona okha kuchuluka kwa zomwe zimapita kunyumba pa mwezi.

Fanta uja tinamupeza choncho. Makireti anayi anapita ku maliro kumudzi kwa bwana, awiri anamwedwa pa msonkhano wina m'holo osalembedwa pa bilu. Wa ku bala anatsala pang'ono kudulidwa malipiro a mwezi chifukwa cha zinthu zomwe sanazikhudze. Anthu amaona ngati buku la sitoko ndi msampha wogwirira antchito, chikhalirecho woyamba kupulumuka nalo ndi wantchitoyo.

Ku bala muziwerenga tsiku ndi tsiku

Masamu ake ndi awa: zomwe munatseka nazo dzulo, kuphatikiza zomwe zalowa lero, kuchotsa zomwe zatsala potseka. Zotsatirazo ndizo zagulitsidwa. Dzulo munatseka ndi mabotolo 45 a mowa wina, lero mwalowetsa ku bala makireti atatu omwe ndi mabotolo 60, onse pamodzi 105. Potseka mwapeza 38. Ndiye kuti 67 agulitsidwa, ndipo ndalama za m'dirowa, za pa foni ndi ngongole zolembedwa zikwane mtengo wa mabotolo 67. Muziwerenga limodzi ndi wa ku bala, nthawi yofanana tsiku lililonse.

Botolo la jini la 750 ml limatulutsa matoti 30 ngati toti yanu ndi ya 25 ml. Wothira ndi maso, makamaka kwa anzake, amatulutsa 24 kapena 25. Gulani kachoyezera. Mabotolo opanda kanthu ndi makireti awo ndi ndalamanso, muziwerenga ngati odzaza.

Kudziwa nthawi yooda

Musamadikire khukhi kuti akuuzeni kuti shuga watha. Onani m'buku kuti patsiku mumatulutsa zingati. Tinene kuti ndi mapaketi atatu, ndipo kuchokera tsiku lomwe mwapempha ndalama kwa bwana mpaka katundu kufika pamatenga masiku anayi. Ndiye mapaketi 12. Onjezerani a masiku awiri odzitetezera, 6, zikwana 18. Lembani 18 ndi bolopeni yofiira pamwamba pa tsamba la shuga. Mzere wa "zatsala" ukangofika pamenepo, odani. Katundu yemwe mumakatenga ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, nambala yofiirayo ikhale yokwererapo kusiyana ndi wa pamsika wa pabomapa.

Nambalazi zimasintha ndi nyengo. Kumapeto kwa mwezi bala imayenda, mu Juni ndi Julayi masamba a tiyi ndi shuga zimatha msanga, sabata ya Kulamba chilichonse chimawirikiza. Koma tomato, masamba ndi buledi musaunjike, muzigula pang'onopang'ono. Mtengo wogulira muzilembanso pambali. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malo ambiri anapitiriza kugulitsa mbale pa mtengo wakale kwa masabata, osadziwa kuti mbale iliyonse ikuwadyera mpamba.

Mukapeza shoteji musathamangire kuloza chala. Werenganinso katunduyo, bwerezani masamu, fufuzani timapepala. Kawirikawiri cholakwa chimapezeka pamenepo. Zikakanika, muitanire munthuyo pambali, osati pamaso pa anzake.

Bokosi lija lilowe m'buku lomweli

Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito linanena kale kuti malo antchito azikhala ndi zipangizo za chithandizo choyamba. Malo ambiri bokosi alinalo, koma m'kati mwake ndi momwe ndinapezera ine. Njira yothetsera vutoli ndi kulipatsa tsamba m'buku la sitoko, ndi nambala yake yofiira, n'kumaliwerenga Lolemba lililonse pamodzi ndi shuga ndi mafuta.

Muikemo magolovesi, mabandeji okulunga, gozi womata m'mapaketi, mapulasitala, nsalu ya makona atatu yokolekera mkono, sizasi, sopo, mankhwala otsukira bala, mapaketi a Thanzi ORS, tochi, ndi pulasitiki yopyapyala yokutira zakudya ija. Mapiritsi ine sindiikamo. Choyamba amatha ndi antchito omwe akumva mutu, chachiwiri simudziwa mankhwala omwe amamuwenga mlendo. Mndandanda wa zonsezi umatidwe kuseri kwa chivundikiro. Mabokosi akhale awiri, lina kukhitchini lina ku risepishoni, pamalo ofikirika, osakhoma ndi loko.

Pambali pa bokosi matani manambala a foni a madalaivala awiri odalirika omwe amayankha usiku, ndipo ku risepishoni kukhale envelopu ya ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala. Tsoka silinunkha, ndipo limakonda kubwera bwana atazimitsa foni. Pa shifiti iliyonse pakhale munthu mmodzi wophunzitsidwa. A Malawi Red Cross Society amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo kuwerenga malangizo ngati ano sikungafanane ndi kuyeserera ndi manja pamaso pa mphunzitsi. Potumiza anthu musaiwale mlonda ndi okonza m'zipinda, chifukwa ndi iwo amene amayamba kupeza mlendo atagwa.

Ngozi iliyonse, yambani mwaona ngati inuyo simuvulala: moto, waya wa magetsi, mafuta pansi. Kenako tumani munthu pomutchula. Mukangokuwa kuti "wina aitane galimoto", aliyense amayang'ana mnzake. Nenani kuti, "Inu achimwene, imbirani dalaivala. Inu mayi, bweretsani bokosi."

Kupsa

Madzi. Osati dzira, osati Colgate, osati mchere, ufa, mafuta kapena jivi. Ikani popsapo pa mpopi wa madzi ozizira kwa mphindi 20 zathunthu, muziyang'ana wotchi chifukwa mphindi zitatu zimaoneka ngati ola. Mpopi ukakhala wouma, tsanulirani pang'onopang'ono madzi oyera a m'chigubu. Ayezi ayi, amawonjezera kuwononga khungu. Madzi akuthiridwa choncho, vulani mphete, wotchi ndi zibangili dzanja lisanatupe. Chovala chomwe chamatirira pakhungu musachikoke. Matuza musaboole.

Mphindi 20 zikatha, yalani pulasitiki yokutira zakudya ija pabalapo osamanga mothina. Ngati ndi dzanja, jumbo yoyera yatsopano imathandiza. Thonje ayi, limakakamira. Apite kuchipatala ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho chake, ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi, polumikizira mafupa kapena kumalo obisika, ngati khungu layera kapena lada, komanso ngati wapsayo ndi mwana.

Mnyamata wathu uja anafika kuchipatala dzanja lili ndi dzira louma. Anamwino anayamba ndi kulichotsa asanaone bala, ndipo kulira kwake ndimakukumbukabe. Mpopi unali pomwepo, mapazi atatu kuchokera pa chiwaya.

Mafuta akayaka m'chiwaya musathire madzi, moto umalumpha mpaka kudenga. Zimitsani gasi kapena magetsi, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, muchisiye mpaka chizizire.

Kudzicheka

Valani magolovesi. Kanikizani pabala ndi gozi kapena nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, dzanja litakwezedwa. Magazi akalowerera, onjezerani nsalu ina pamwamba, yoyambayo musaichotse. Galasi la botolo likatsalira m'bala musalizule, kanikizani m'mbali mwake. Bala laling'ono litsukeni ndi madzi oyera, mumate pulasitala, ndipo ngati munthuyo akubwerera kophika avale golovesi pamwamba. Chakudya chomwe chadonthera magazi chitayidwe. Bala lakuya, loyasama, la chitsulo chadzimbiri kapena losasiya kukha magazi ndi la kuchipatala, komwe akaonenso za katemera wa kafumbata.

Kutsamwa

Mlendo akudya nyama, mwadzidzidzi wagwira pakhosi. Ngati akutha kutsokomola kapena kulankhula, mulimbikitseni kutsokomola, musamumwetse madzi. Ngati mawu sakutuluka, muweramitseni kutsogolo, mumenye ndi tsinde la chikhatho pakati pa mapewa kasanu, mwamphamvu. Zikakanika, imani kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pa mchombo, gwirani ndi dzanja linalo, kokerani m'kati ndi m'mwamba kasanu. Bwerezani, kasanu kumsana kasanu pamimba, mpaka chituluke. Mayi woyembekezera musamufinye pamimba, manja akhale pachifuwa. Khanda losakwana chaka ligonekeni chafufumimba pamkono wanu mutu uli chotsika, kasanu kumsana, kenako mulitembenuze, zala ziwiri pakati pa chifuwa kasanu. Yemwe wafinyidwa pamimba akapimidwe ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Munga wa nsomba ndi nkhani ina. Tinakula tikuuzidwa kuti umeze mbamu ya nsima yosatafuna. Mbamuyo ikhoza kuukhomerera mungawo m'kati. Ngati sukuchoka ndi kutsokomola, apite akauchotse.

Munthu wagwa, sakuyankha

Mugwedezeni paphewa, mumuitane mokweza. Mugonekeni chagada, pendeketsani mutu cham'mbuyo mutakweza chibwano, muyang'ane chifuwa ndi kumvetsera mpweya kwa masekondi 10. Ngati akupuma bwino, mugonekeni cham'mbali, bondo lapamwamba litapindidwa, kamwa litaloza pansi kuti masanzi atuluke. Musamumwetse kanthu, musamuthire madzi.

Ku bala anthu amafulumira kunena kuti "waledzera ameneyo, musiyeni agone". Woledzera wogona chagada amafa ndi masanzi ake omwe. Komanso si aliyense wogwa pa bala amene waledzera: wina ndi shuga watsika, wina ndi sitiroko, wina wamenyetsa mutu. Wodwala shuga yemwe akunjenjemera ndi kutuluka thukuta koma akutha kumeza, mupatseni chakumwa chotsekemera. Yemwe kamwa lapotoka, mkono umodzi wafooka kapena mawu akukokeka, galimoto inyamuke nthawi yomweyo.

Ngati sakupuma, kapena akungobanika mwa apo ndi apo, gwadani pambali pake pamalo olimba. Ikani tsinde la chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja lina pamwamba, mikono yowongoka. Dinikizani mpaka masentimita 5 kapena 6, mothamanga, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Wophunzitsidwa amadina ka 30 n'kuuzira mpweya kawiri. Ngati simunaphunzire kuuzira, pitirizani kudina kokhako osalekeza, muzisinthana ndi mnzanu mukatopa.

Wakhunyu musamuthawe. Khunyu sapatsirana, ngakhale mutakhudza thovu lake. Chotsani mipando, mbaula ndi mapoto pafupi, ikani chovala pansi pa mutu. Musamupanikize, musamuike supuni m'kamwa, lilime samameza. Akasiya kuphupha mugonekeni cham'mbali, ndipo anthu oonerera muwabalalitse kuti akatsitsimuka asachite manyazi. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kukabwereza, kapena ngati ndi koyamba, apite kuchipatala.

Zina zomwe zimachitika pa loji

Wogwidwa ndi magetsi, kaya ndi shawa kaya ketulo, musamukhudze musanazimitse pa meni switchi. Wantchito aliyense adziwe pomwe ili, muwaonetse tsiku loyamba. Womwa parafini kapena Jik musamusanzitse, pobwerera zimawotchanso kummero ndipo parafini amalowa m'mapapo. Nyamulani botololo popita kuchipatala. M'nyengo yozizira alonda amalowetsa mbaula m'kanyumba kawo n'kutseka chitseko. Mpweya wa makala sununkha koma umapha munthu ali m'tulo. Mukapeza wina akumva mutu ndi chizungulire m'chipinda chotero, mutulutsireni panja pamphepo, kenako kuchipatala.

Kutsekula m'mimba musakupeputse. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sungunulani paketi ya ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa pang'onopang'ono. Paketi ikasowa, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Chimbudzi chikamaoneka ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuche, azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Alendo awiri kapena atatu akadwala atadya chakudya chimodzi, imitsani chakudyacho, sungani chotsala, mutsegule buku la sitoko. Lidzakuuzani kuti nkhukuzo zinalowa liti, anabweretsa ndani, ndipo zinzake zatsala zingati m'firiza zoti zisaphikidwe.

Zonse zikatha, wovulala atapita, khalani pansi mulembe kumasamba akumapeto a hadikava: deti, nthawi, wavulala ndani, chinachitika n'chiyani, munachitapo chiyani, anaona ndani. Kenako tsegulani tsamba la bokosi. Magolovesi analipo 10, atuluka 2, atsala 8. Bandeji zinalipo 4, zatuluka 2, zatsala 2, pomwe nambala yofiira ndi 3. Bandejizo zilowe pa oda ya mawa, pamzere wotsatira shuga, ndipo ndalama ya thiransipoti yomwe yatuluka mu envelopu ibwezeredwe shifiti ya usiku isanalowe.